Kodi Netflix itipha kapena itipulumutsa? Yankho kwa mtsogoleri wa gulu la zisudzo

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina amene amatsogolera kagulu ka zisudzo. Akuti: "Takhala tikujambula timafilimu tathu m'Chichewa kwa zaka zinayi tsopano. Anzathu ena akuti tikungotaya nthawi chifukwa achinyamata onse athawira ku Netflix ndi anzake. Ena akuti tilimbikire, tsiku lina Netflix yomweyo idzatigula n'kutilemeretsa. Kodi makampani akunjawa akupha mafilimu a mu Africa, kapena ndi amene atipulumutse?"

Mayi, zikomo kwambiri. Ndakhala zaka zambiri pakati pa ojambula mafilimu ndi ogula mafilimu, ndipo funso lanuli ndimalimva kawirikawiri, pena kuchokera kwa amantha, pena kwa olota. Onsewo amaikuza Netflix, kampani ya ku America yoonetsa mafilimu pa intaneti, kuposa msinkhu umene ili nawo mu Africa muno.

Tiyambe ndi ndalama. Netflix inafika m'mayiko ambiri a mu Africa mu Januwale 2016, tsiku limene inayamba kuoneka m'mayiko 130 nthawi imodzi. Mu 2023 kampaniyi inalengeza yokha kuti kuyambira 2016 mpaka 2022 inali itaika madola 175 miliyoni pa ntchito za mafilimu kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Chiwerengerochi chimamveka chachikulu mpaka mutachigawa. Madola 125 miliyoni anapita ku South Africa. Nigeria, dziko limene limatulutsa mafilimu ochuluka kuposa lina lililonse mu Africa, inapata pafupifupi 23 miliyoni. Zotsalazo mutha kuwerengetsa nokha. Tsono kampani yomweyo inawononga pafupifupi madola 17 biliyoni pa mafilimu padziko lonse m'chaka cha 2024 chokha, kutanthauza kuti zonse zimene inaika kuno m'zaka zisanu ndi ziwiri zikufanana ndi zimene inawononga m'masiku anayi okha a chakacho. Munthu amene wakupatsani gawo lotere sanabwere kudzakuphani, komanso musamuwerengere kuti ndiye adzakulereni.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo nkhani ya makampani oonetsa kanema pa intaneti yatsimikiza mawuwa kangapo. Amazon inakhazikitsa Prime Video ya ku Nigeria mu Ogasiti 2022 ndi chikondwerero chachikulu, inasainirana ndi ojambula otchuka, koma mu Januwale 2024 inalengeza kuti ikusiya kulipira mafilimu atsopano a mu Africa. Netflix inayesa kuonetsa mwaulere ku Kenya kuyambira Seputembala 2021 pofuna kukopa anthu kuti ayambe kulipira, ndipo mu Novembala 2023 inatseka mwayiwo. Kwesé, kampani ya kanema ya Strive Masiyiwa wa ku Zimbabwe, inagwa mu 2019. Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya iROKOtv, chifukwa imeneyo sinali ya mlendo. Jason Njoku anaiyambitsa mu 2011 ndi mafilimu a ku Nigeria okhaokha, amene anthu amawakonda kale. Pofika 2020 kampaniyo inatembenuka n'kuyamba kudalira anthu a mu Africa okhala ku America ndi ku Ulaya, poti ndiwo ankalipira. Mafilimu anali a kwathu, owakonda anali kwathu, koma ndalama zinkachokera kutsidya la nyanja.

Chifukwa chake si chovuta kuchimvetsa. Woonera kanema pa intaneti amalipira kawiri, koyamba kwa kampani ya mafilimu, kachiwiri kwa kampani ya mafoni. Netflix imanena yokha kuti ola limodzi la chithunzi chapakatikati limadya pafupifupi 1GB, ndipo chowala bwino chimafika 3GB. Kumene intaneti ya m'nyumba ilibe malire, palibe amene amawerenga zimenezi. Koma munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi amaziwerenga, ndipo nthawi zambiri bandulo imadula kuposa ndalama ya pamwezi ya kampani ya mafilimuyo. Onjezani kuti makampani akunjawa anazolowera khadi la kubanki pomwe ambiri a ife timasunga ndalama pafoni. Onjezaninso kuti malinga ndi ITU, bungwe la United Nations loona za mafoni ndi intaneti, mu 2024 anthu 38 okha pa 100 alionse mu Africa ndi amene ankagwiritsa ntchito intaneti. Ndiye pali kugwa kwa ndalama zathu. Naira inataya mphamvu yoposa theka pasanathe chaka kuchokera pamene boma la Nigeria linaimasula mu Juni 2023, ndipo kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala chaka chomwecho. Kampani imene imagula mafilimu ndi makina m'madola, n'kumatolera naira kapena kwacha, imagona ili ndi phindu n'kudzuka ili ndi ngongole.

Choncho anzanu amene akuti achinyamata onse athawira ku Netflix akukamba za achinyamata a m'nyumba zochepa za m'tauni. Ena onsewo ali kuti?

Masiku apitawa ndinalowa m'saluni ina kudikira mlongo wanga. Mtsikana woluka tsitsi anali atatsamiritsa foni pa botolo la mafuta, galasi la foniyo losweka pakona, manja ali m'mutu mwa kasitomala, maso pa kanema. Inali filimu ya ku Nigeria, ya mpongozi ndi mtengwa akulimbirana nyumba. Amayi atatu odikira anali atakoka mipando. Mpongozi uja atatulutsa makiyi m'chikwama, mmodzi anaomba m'manja n'kunena kuti, "Ndinanena ine, mayi ameneyu ndi mfiti!" Ndinafunsa mtsikanayo kumene anaitenga. Anati anaikopera usiku pa YouTube ndi bandulo yotchipa ya pakati pa usiku, ndipo ina anabenetsa pamsika. Anthu anayi, maola awiri, nkhani ya mu Africa, ndipo m'chipindamo munalibe amene analipira Netflix kapena kampani ina iliyonse ya pamwezi. Wojambula filimu yobenetsayo sanalandire ngakhale tambala.

Pamenepo ndi pamene pagona nkhani, mayi. Owonera sanakuthaweni. Chimene chikusowa ndi njira yoti ndalama ya woonera, ngakhale yochepa, ifike m'thumba mwanu.

Kuti anthu amakonda nkhani zawo, umboni ndi wakale. Mafilimu a ku Nigeria monga tikuwadziwa lero anayamba kufala mu 1992 ndi Living in Bondage, filimu ya m'Chiigbo yogulitsidwa pa makaseti, popanda thandizo la boma kapena la kampani yakunja. MultiChoice, kampani ya DStv, inaona zimenezi n'kutsegula Africa Magic mu 2003, kenako Maisha Magic ya kum'mawa kwa Africa ndi Zambezi Magic ya kuchigawo chathu chino. Filimu ya Funke Akindele yotchedwa A Tribe Called Judah, imene inatuluka mu Disembala 2023, inakhala yoyamba ya ku Nigeria kutolera ndalama zoposa naira biliyoni imodzi m'nyumba zoonetsera kanema, pa nthawi imene chuma cha dzikolo chinali pa mavuto. Ngakhale pa Netflix pomwepo, ena mwa mafilimu a ku Nigeria amene anachita bwino, monga Aníkúlápó ya mu 2022 ndi Jagun Jagun ya mu 2023, ndi a m'Chiyoruba chenicheni, a mafumu ndi mizimu, osati oyesa kufanana ndi a ku Hollywood.

Koma apa ndikuchenjezeni, chifukwa mpikisano weniweni uli pa chilankhulo, ndipo mlendo waphunzira kulankhula. Aliyense amene anakhalapo pa benchi m'vidiyo sho akudziwa kuti filimu ya nkhondo ya ku China imadzaza chipinda ikakhala kuti DJ waimasulira m'Chichewa, kuwapatsa asilikali mayina a kumudzi ndi kuikamo nthabwala zake. Ku Uganda kuli ma VJ omasulira m'Chiganda, ku Kenya DJ Afro anatchuka ndi ntchito yomweyi. Makampani aakulu anangotengera nzeruyi. Zee World imaonetsa masewero a ku India olankhulitsidwa Chingerezi, ndipo Azam TV ya ku Tanzania inakopa mabanja ambiri ndi masewero a ku Turkey olankhula Chiswahili. Taganizani monga mkulu wa wailesi ya kanema. Sewero la ku Turkey la magawo mazana linajambulidwa kale, linabweza kale ndalama zake kwawo, lili ndi nyumba zachifumu ndi akavalo, ndipo inu mungolipira kangachepe ndi kulemba anthu angapo olankhula m'situdiyo. Kujambula sewero latsopano la kwanu kumafuna kulipira olemba, ochita sewero, magalimoto ndi chakudya cha tsiku lililonse. Ambiri amasankha choyambacho. Ine chimene chimandisowetsa tulo ndi chimenechi kuposa Netflix, makamaka pano pamene makompyuta ayamba kutha kulankhulitsa filimu chilankhulo china pa mtengo wotsika.

Sindikufuna muganize kuti makampani akunjawa sanabweretse chabwino. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kumene anaika ndalama, anakweza luso. Amafuna mawu omveka bwino, kuwala koyenera, inshuwalansi ya ogwira ntchito, ndi mapepala olongosoka, ndipo anyamata ndi atsikana amene anagwirako ntchito anatuluka ndi luso limene sakanaliphunzira kwina. Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema wa ku Zambia yonena za atsikana anayi a mu Lusaka, inafika kwa ana a padziko lonse mu 2023 kudzera pa Netflix. Filimu ya nkhani ya William Kamkwamba inajambulidwa ku Kasungu, ndipo Netflix itagula ufulu woionetsa n'kuitulutsa mu 2019, anthu a m'mayiko ambiri anamva Chichewa koyamba. Komabe filimu yomweyo ikuonetsanso mbali inayo. Wotsogolera anali Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, mnyamata wosewera ngati William anali Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo Amalawi ambiri anaseka katchulidwe ka Chichewa cha ena mwa osewerawo. Kwa woonera wa ku London amene akuwerenga mawu olembedwa pansi, zimenezo zinalibe kanthu, ndipo filimuyo inali yolunjika kwa iyeyo. Sindikuinyoza, ndi filimu yabwino. Ndikungonena kuti wolipira ndi amene amasankha khutu loti likondweretsedwe.

Palinso china chimene sichikambidwa kwambiri. Kampani yolemera ikalowa mumzinda, mitengo imakwera. Wojambula waluso, wosewera wotchuka, ngakhale mwini nyumba yojambuliramo, onse amazolowera malipiro atsopano. Kampaniyo ikachoka, mitengo sibwerera msanga, ndipo wojambula wa komweko amapezeka kuti sangakwanitsenso kulemba ntchito anzake omwe. Zimenezi zinamveka kwambiri ku Lagos Amazon itabwerera m'mbuyo, ndiponso kumapeto kwa 2024 pamene wojambula mafilimu wotchuka wa kumeneko Kunle Afolayan ananena poyera kuti Netflix yachepetsa kuitanitsa mafilimu atsopano, ngakhale kampaniyo inakana kuti ikuchoka ku Nigeria.

Tsopano za umwini, zimene ndikufuna muzigwiritse kuposa zonse. Pali njira ziwiri zimene filimu imafikira pa makampaniwa. Yoyamba, mumajambula ndi ndalama zanu, iwo n'kubwereka ufulu woionetsa kwa zaka zowerengeka, kenako imabwerera kwa inu. Yachiwiri, iwo amalipira zonse kuyambira pachiyambi, inu mumalandira malipiro anu, ndipo kawirikawiri filimuyo imakhala yawo. Yachiwiriyi ndi imene aliyense amailota chifukwa cheke chake ndi chachikulu. Koma Queen Sono, sewero loyamba la mu Africa limene Netflix inalipira yokha, linatuluka mu Febuluwale 2020, linalonjezedwa gawo lachiwiri, ndipo chaka chisanathe lonjezolo linafafanizidwa. Nkhani ikakhala ya mwini, ikaima yaima.

Zoterezi sizichitika ndi makampani aakulu okha. Mnyamata wina anabwera kwa ine ndi kontirakiti imene anali atasaina kale ndi kampani ina yogulitsa mafilimu, imene inamulonjeza kuti idzamufikitsa "pa makampani onse akuluakulu". Anali wokondwa, anafuna ndingomuyamikira. Pa tsamba lachisanu ndi chimodzi panali chiganizo chonena kuti wapereka ufulu wa filimuyo padziko lonse, mpaka kalekale, pa njira iliyonse yoonetsera imene ilipo ndi imene idzatulukiridwe. Ndalama anayenera kulandira pokhapokha kampaniyo itachotsa "zowonongera zake", zimene sizinatchulidwe kuti ndi zingati. Patha zaka, filimuyo sinaoneke paliponse, ndipo iye sangaiike ngakhale pa YouTube pake. Nthawi ina ine ndemwe ndinalephera kugulitsa filimu yabwino chifukwa cha masekondi makumi anayi. Munali chithunzi cha m'bala, ndipo wailesi ya m'balamo inkaimba nyimbo ya woimba wina wotchuka imene sitinapemphe chilolezo. Mawu a osewera ndi nyimboyo zinajambulidwa pamodzi, sitikanatha kuzilekanitsa. Wogula anangotseka laputopu yake n'kutithokoza.

Mwina mukufunsa za makampani a mu Africa momwemuno. Showmax inayamba ku South Africa mu 2015, ndipo mu Febuluwale 2024 MultiChoice inaikonzanso mogwirizana ndi NBCUniversal ya ku America, imene inatenga magawo 30 pa 100. Chimene anaika patsogolo pokopa anthu chinali mpira wa Premier League pafoni, chifukwa aliyense m'ntchitoyi amadziwa kuti bambo amalipira dikoda chifukwa cha mpira, masewero amaonedwa ndi banja lonse chifukwa dikodayo yalipiridwa kale. Mu Seputembala 2025 MultiChoice yonse inalowa m'manja mwa Canal+ ya ku France, imene inagulanso situdiyo ya ROK ya ku Nigeria mu 2019. Ndiye mawu oti "zathu" ndi "zakunja" ayamba kusokonekera. Kampani imene yakhala ikugula masewero ambiri a mu Africa kuposa ina iliyonse tsopano ikulamulidwa kuchokera ku France.

Chimphona chenicheni ndi YouTube, pamodzi ndi TikTok ndi Facebook. N'zakunja nazonso, koma sizipempha ndalama ya pamwezi, ndipo sizisankha kuti uyu alowe, uyu ayi. Ojambula ambiri a ku Nigeria, ena mwa iwo otchuka ngati Ruth Kadiri ndi Omoni Oboli, anatsegula matchanelo awo n'kumatulutsa mafilimu athunthu kumeneko, ndipo amaonedwa ndi anthu mamiliyoni. YouTube imapatsa mwini kanema magawo 55 pa 100 a ndalama za otsatsa malonda, akakwanitsa omutsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonedwa pa chaka. Filimu imakhalabe yanu. Koma musathamange. Si mayiko onse a mu Africa amene ali pa ndondomeko yolipirayi, choncho fufuzani za dziko lanu musanawerengere ndalama. Komanso otsatsa malonda amalipira molingana ndi kumene woonera ali, moti anthu 1,000 oonera ali ku Britain amabweretsa ndalama zochuluka kwambiri kuposa 1,000 oonera ali ku Lilongwe kapena ku Kampala. Ndipo YouTube imakonda wotulutsa pafupipafupi, n'chifukwa chake mafilimu ambiri a kumeneko amajambulidwa m'masiku ochepa, m'nyumba imodzi, ndi osewera asanu. Ena ndi okoma ndithu. Ambiri amafanana ngati mandasi a mayi mmodzi.

Za boma ndinene mwachidule. Mayiko a European Union analamula mu 2018 kuti magawo 30 pa 100 a mafilimu a pa makampaniwa akhale a ku Ulaya, ndipo France inawakakamiza mu 2021 kuti magawo osachepera 20 pa 100 a ndalama zimene apeza m'dzikomo azibwezere ku mafilimu a ku France ndi ku Ulaya. Anthu amati nafenso tichite chimodzimodzi. France ikhoza kulamula chifukwa ili ndi olipira mamiliyoni amene kampani singafune kuwataya. Dziko limene lili ndi olipira ochepa likaopseza, kampani ikhoza kungotseka n'kuchoka osamva kupweteka. Boma lofunadi kukuthandizani lichepetse msonkho pa intaneti ndi pa makamera, ndipo wailesi za kanema zizigula masewero m'malo mouza wojambula kuti agule nthawi ya pawailesi kapena adzipezere yekha womulipirira. Lipoti la UNESCO la mu 2021 linapeza kuti Africa yonse inali ndi zipinda zoonetsera kanema 1,651 zokha, ndipo linati kukopera mwakuba kumadya theka kapena kuposerapo la ndalama za ntchitoyi. Ine anyamata obena pamsika sindiwaona ngati akuba chabe. Ndiwo okhawo amene afikitsa filimu kumudzi kulikonse, ndipo gulu limene lingapeze njira yogwirizana nawo, kuwapatsa filimu yoyera msanga iwo n'kumapereka kangachepe, lidzakhala litachita zimene makampani a madola mamiliyoni alephera.

Ndiye inu muchite chiyani? Musalembe nkhani poganizira munthu wa mu ofesi ya ku Los Angeles kapena ku Amsterdam amene simudzakumana naye. Lemberani amayi a m'saluni aja. Chichewa sichithera pa Mchinji kapena pa Mwanza. Chimamveka ku Chipata ndi ku Lusaka, ku Tete ndi ku Niassa, m'madera ena a Zimbabwe, ndiponso m'zipinda za lendi za ku Johannesburg ndi Cape Town kumene abale athu amaonera zakwawo usiku akaweruka, ndipo kumeneko otsatsa malonda amalipira bwinoko. Ndalama yoyamba imene mungapeze igulireni maikolofoni abwino musanaganize za kamera yatsopano, chifukwa anthu amapirira chithunzi chosawala koma sapirira mawu osamveka. Ikani mawu a Chingerezi pansi pa filimu iliyonse. Filimu yaikulu muyambe kuionetsa m'maholo ndi m'masukulu anthu akulipira pakhomo, kenako muibwereketse ku wailesi ya kanema, YouTube ibwere pomaliza, chifukwa ikangofika poonera ulere palibenso amene adzaigule.

Ndipo yambani lero kusunga faelo. Wosewera aliyense, ngakhale mwana wa achemwali anu, asaine pepala lovomera kuoneka m'filimu, ndipo ngati ndi wamng'ono asainire kholo lake. Wolemba nkhani asaine. Nyimbo iliyonse ikhale ndi chilolezo cholembedwa, ndipo pojambula m'bala kapena m'minibasi muzimitse wailesi, nyimbo mudzaike pambuyo. Sungani mawu a osewera paokha, nyimbo paokha, pa ma hard drive awiri osungidwa m'nyumba ziwiri zosiyana. Wina akadzabwera ndi kontirakiti, kaya ndi Netflix kaya ndi mnyamata wa jekete lokongola amene akuti amadziwana nawo, mufunseni kuti akufuna mayiko ati, kwa zaka zingati, ndipo ndalama yoyamba ilowa liti. Mukatero mupite nayo kwa loya musanagwire cholembera.